Namawaya ndi Mboni Zake Zinayi

Zonse zimene mwana wa mlongo wanga amadziwa za makompyuta anaziphunzira pamwendo pangapa. Ali ndi miyezi isanu ndi umodzi ndinamusonyeza waya wofiira ndi wakuda, ndipo pomadzamera mano anali atakonza kale mawailesi a mumsewu wathu wonse. Chabwino, ndanama. Ine foni yangayi ikazima ndimaiuzira ngati moto, ikakanabe ndimaiopseza kuti ndikaiponya m'chimbudzi. Chimene ndinam'patsa mwanayu ndi dzina basi: Namawaya.

Dzinalo linabwera ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinamupeza kuseri kwa makina osokera a mayi ake ataphwasula wailesi yanga ndi mpeni wodulira buledi. Ndisanakweze dzanja, ndinaona chimene chinandiziziritsa mkono: kachidutswa kalikonse anali atakaika pa nyuzipepala, n'kukazunguliza ndi pensulo, n'kulembapo nambala. "Kuti ndisaiwale kwawo, amalume," anatero, osatukula n'komwe mutu. Wailesiyo anaibwezeretsa. Inalankhulanso, ngakhale kuyambira tsiku limenelo woulutsa mawu aliyense ankamveka ngati wadwala chimfine.

Ndi mmene alili mpaka lero, ali ndi zaka 34, mwana mmodzi wamkazi, ndi mwamuna woyendetsa malole amene amafika pakhomo ngati mlendo. M'nyumba mwake chilichonse chili ndi katepi koyera kolembedwa: shuga, mchere, kiyi wa ku bafa, waya wa ayironi. Mwamuna wakeyo mutamuvula shati, ndikhulupirira mungapeze katepi pamsana. Mlongo wanga ankafuna kuti mwanayu adzakhale namwino, koma tsiku loyamba kuona magazi anakomoka, wodwala n'kuchita kumupatsa bedi. Ndiye anakaphunzira za makompyuta, anakonza mafoni zaka zinayi m'kashopu ka pansi pa masitepe, kenako anapeza ntchito imene ali nayoyi.

Amagwira m'kanyumba ka zipinda zitatu kumene amasindikiza mabuku a ana asukulu osaona, mabuku aja a timadontho totumphuka timene mwana amawerenga ndi nsonga za zala. Chipinda choyamba n'cha abwana, munthu wabwino ndithu, koma wokonda misonkhano kuposa akazi awo. M'chachiwiri muli makina okhomera timadonthoto, amene akayamba kulira mungati chigayo chalusa, ndipo pawindo pamakhala a Taipisiti. Chachitatu kale chinali mosungira katundu. Muli makatoni a mapepala okhuthala, chikolopa, windo limodzi, tebulo, ndipo patebulopo pali bokosi lakuda loti mwana akhoza kulinyamula. Umu ndiye mwa Namawaya.

A Taipisiti ndi mayi amene anataipa mabuku amenewa zaka khumi ndi zinayi. Sikunali kungokopera ayi. M'buku la masamu mzere uliwonse ankaukonza pamanja, chithunzi chilichonse ankachimanga kadontho ndi kadontho kuti chala cha mwana chisasochere pakati pa mzere ndi ngodya. Mabuku 212. Chowathokozera anawapatsa ndi nyamakazi: zala zinapindika ngati mizu, moti lero kapu amaigwira ndi manja awiri. Sangataipenso ngakhale tsamba limodzi. Ntchito yawo tsopano ndi kuona ngati zosindikizidwa zatuluka bwino. Ndiye buku la timadontho silikhalitsa. Zala za ana zikadutsapo chaka chimodzi kapena ziwiri, timadontho timaphwa, tsamba n'kusalala ngati dazi langali. Chaka chilichonse amasindikiza ena. Buku lenileni tsono si lapepalalo. Lenileni limakhala m'bokosi lakuda lija.

Bokosilo analibweretsa ndi Namawaya yemwe. M'kati mwake muli madisiki anayi, tizitsulo tolemera mosungira zolembedwa. Tsiku limene ankalisonyeza kwa abwana ndi a Taipisiti anafotokoza chonchi:

"Muwayese mboni zinayi za mlandu umodzi. Palibe imene ikudziwa nkhani yonse, koma iliyonse imasunga mbali yake, komanso kena kake ka zimene zinzake zikudziwa. Imodzi ikafa, zitatu zotsala zimakhala pansi, zimakumbukira zonse za malemuyo, n'kuphunzitsa yatsopano."

"Nanga zikafa ziwiri?" anafunsa a Taipisiti.

"Mlandu wathera pomwepo, amayi. N'chifukwa chake pali iyi yachisanu." Anawasonyeza disiki ina yapayokha, yomatidwa katepi kakuti KOPE. Lachisanu lililonse azikoperamo mabuku onse n'kuitsekera m'kabati ya abwana. "Ntchito yanu siidzatayika ine ndikali moyo."

A Taipisiti anamukhulupirira, mpaka analola kuti timadisiki tawo takale ndi mapepala awo oyambirira, zimene zinkadzaza theka la kachipindako, zikatayidwe.

Zinayenda choncho zaka zisanu ndi chimodzi. Lolemba lina, kutatsala masabata atatu kuti sukulu zitsegulidwe, kanyali ka disiki yachiwiri kanafiira. Mboni imodzi yafa. Namawaya anapita kwa abwana, ndipo yankho linali la masiku onse: alembe kalata, kalatayo ikadutse ku komiti, disiki yatsopano mwina ifika mwezi ukatha. Anabwerera m'kachipinda kake n'kumayang'ana tinyali titatu tobiriwira. Madisiki anayiwo anagulidwa tsiku limodzi, anakalamba limodzi, ndipo iye ankadziwa kuti nkhalamba za msinkhu umodzi sizichedwa kulondolana. Mwezi wathunthu kudalira atatu? Anali naye mnzake wa kusukulu amene ali ndi shopu yokonza makompyuta, koma anasemphana mawu chaka chatha, ndipo kwa Namawaya kupempha n'kowawa kuposa kuzula dzino.

Apa m'pamene anachita chimene iye mwini amaletsa ena. Anatenga kiyi wa kabati n'kutulutsa disiki ya KOPE. Inali yofanana ndendende ndi yakufayo. Anadziuza kuti n'za tsiku limodzi lokha: pofika madzulo mboni zikhala zakwananso zinayi, ndipo yatsopano ikadzafika idzakhala kope. Anamatula katepi kaja, anakapinda, n'kukaika m'thumba la jekete lake. Lachiwiri m'mawa anailowetsa m'malo mwa yakufayo. Makina anamufunsa ngati akuvomera kuti zonse za m'menemo zifufutidwe. Chala chinaima m'mwamba pang'ono, kenako chinatsika. Pa sikirini nambala inayamba kukwera: 1, 2, 3. Ikafika 100 ndiye kuti yatsopanoyo yaphunzira zonse. Sanauze munthu.

Ine ndinafika cha m'ma 11 koloko, foni yanga itayamba kulemba chilankhulo cha dziko lina. Ndimayenda ndi kachikwama kachikopa mmene mumakhala ambulera, mankhwala, kapu, ndi kaketulo kamagetsi, chifukwa munthu wopuma pantchito akadumphitsa tiyi wa masana ndi mtembo woyenda. Ndisanakhale n'komwe, foni ya Namawaya inalira. Anali aneba: mwana wagwa pampanda, mkono watupa. Abwana anali ku msonkhano. A Taipisiti nawo Namawaya sanafune kuwaitana, poopa funso lakuti disiki yatsopanoyo yachokera kuti. Anatsala ndi ine.

"Amalume, khalani pampando apa. Muziyang'ana nambala iyi. Ikaima, kapena kanyali kakafiira, mundiimbire pafoni ya a Taipisiti. Musakhudze kanthu."

"Mwanawe, ine ndinalonderapo nyumba ya mafuta ndili ndi ndudu yoyaka pakamwa, ndipo..."

"Amalume. Kanthu kalikonse."

Anabwerako itadutsa 2 koloko, mwana atamuika chikhakha. Atatsegula chitseko anamva chimene munthu wa ntchito yake safuna kumva: zii. Bokosi lakuda, limene limang'ung'udza usana ndi usiku, linali duu. Anaikapo dzanja. Lozizira.

Zimene ndinamuuza ndi izi. Magetsi anathima. Osati muno mokha, msewu wonse, tauni yonse, mwina mpaka maiko oyandikana nawo. Wowotcherera zitsulo wa kutsidya kwa msewu anatsala atayasama, mbalame zimene zinali pa mawaya zinagwa chagada.

"Nanga batire?" Pansi pa tebulo pali bokosi lina, la batire, limene ntchito yake ndi kugwirizira makina magetsi akathima.

"Linangolira kamodzi, pii, n'kufa."

"Kamodzi?"

"Kamodzi, ngati nkhuku ya chitopa."

"Bwanji simunaimbe?"

"Ndinati uli ndi za mwana kale."

"Nambala inali pati?"

"Pa 62."

Namawaya anagwada n'kuliyang'ana batirelo. Analiyesa liti komaliza? Sanakumbukire. Chaka chatha? Dzana lake? Mumtima anawonjezera mlandu wachiwiri pa woyamba uja. Anadzuka, anapukuta manja m'siketi, n'kuyatsa makina.

Zimene zinatuluka pa sikirini anaziwerenga kawiri. Disiki yoyamba ndi yachinayi zinali bwino. Yatsopano ija inali yophunzira theka, yosathandiza. Koma yachitatu inadulidwa mawu ali m'kamwa, ndipo makina sankaikhulupiriranso. Mboni ziwiri zokha. Kope nalo, magawo 62 pa 100 anali atalembedwapo zina. M'chipinda chinacho a Taipisiti ankatembenuza masamba pang'onopang'ono, phwa, phwa, osadziwa kanthu.

Abwana anafika ali ndi fayilo kukhwapa, n'kusuzumira pa sikirini. Pansi pake panali funso: kodi makina akonze okha zonse mwatsopano?

"Si izo akufunsa okha? Dina batanilo, tione."

"Iyayi, bwana."

"Makinawo akudziwa kuposa ife."

"Mayi anga amati singano ikagwa, choyamba kubisa ndi tsache. Batani limenelo ndi tsache. Likayamba kulemba m'madisikimu, chimene chatsala sitidzachionanso."

"Chabwino, palibe chovuta," anatero abwana akupisa m'thumba kufuna kiyi. "Katenge kope lija m'kabati."

A Taipisiti anali atafika pakhomo, atatsamira felemu. Namawaya anawayang'ana, anayang'ana abwana. Akanatha kunena kuti kope nalo lavuta. Palibe mwa atatufe akanamutsutsa. Anapisa m'jekete, anatulutsa katepi kopindika kaja, anakatambasula patebulo ndi chala.

"Kope lili m'bokosimu, bwana. Ndinalisandutsa disiki yatsopano. Ndinachita ndekha, sindinafunse munthu."

Abwana analankhula kwa nthawi yaitali. Anatchula komiti kasanu ndi kawiri, aphunzitsi amene akudikira mabuku, ana amene alibe kwina kowerenga. Namawaya sankawamva. Ankayang'ana manja a a Taipisiti, amene eni ake anawatukula pang'ono n'kumawaona ngati a munthu wina.

"Mwananga," anatero a Taipisiti abwana atatopa, "unandiuza kuti siidzatayika iwe ukali moyo."

"Ndinatero, amayi."

"Ukali moyo?"

"Ndikali."

"Ndiye gwira ntchito." Anatembenuka n'kubwerera pawindo pawo. Kukanakhala kutukwana, bwenzi kuli bwino.

Ine ndinatsegula pakamwa. Pakamwa pangapa, pamene sipatsekeka ngakhale m'tchalitchi, tsiku limenelo panauma gwa. Ndinapatsekanso.

Lachitatu m'mawa Namawaya anakaima pakhomo pa shopu ya mnzake uja. Anapepesa za chaka chatha, anafotokoza, anapirira kumwetulira kwa mnzakeyo, n'kubwerako ndi madisiki atatu opanda kanthu obwereka. Akanapempha imodzi Lolemba, sakanapempha atatu Lachitatu. Mawu amenewa ankawabwereza njira yonse. Atafika anazula madisiki onse m'bokosi, iliyonse asanaiike pansi n'kuimata katepi: 1, 3, 4, ndi ina ija, THEKA. Lamulo la ntchito yake ndi lakuti odwala eni ake sawayesera mankhwala. Ayambe wakopera disiki iliyonse, kachidutswa ndi kachidutswa, ndipo zoyesa zonse zikachitikire pa makopewo. Zikalakwika, akhoza kuyambiranso.

Yoyamba inadya tsiku lonse, koma inadutsa bwino. Yachinayi chimodzimodzi. Namawaya ankakhala pampando uja manja ali pachifuwa, maso pa nambala. Buledi amene ndinkamubweretsera ankangomutsina pakona n'kumusiya. Milomo inamuuma, maso analowa. Aphunzitsi ankaimba kufunsa za mabuku, abwana n'kumayankha kuti akubwera, kwinaku akusuzumira pakhomo pa kachipindako mphindi khumi zilizonse mpaka pansi panakumbika njira. Kunyumba mwana anam'pempha kuti amulembere katepi pa chikhakha. Analemba kuti MKONO, kenako anathawira ku bafa n'kutsegula mpopi kuti mwanayo asamve.

Ine ndinkabwera tsiku lililonse popanda wondiitana. Ndinkasesa, ndinkanyamula makatoni, ndinkapepesa ngakhale mpando ndikaugunda.

"Achimwene, chikwama chapepuka masiku ano," anatero a Taipisiti ndikudutsa. "Tiyi mwasiya?"

"Adokotala andiletsa, mayi."

"Oo. Ine nyamakaziyi inangogwira zala. Makutu inawasiya."

Ndinaseka, koma kuseka kwake kunatulukira m'mphuno.

Lachinayi masana Namawaya anakwawira pansi pa tebulo, anazula pulagi ina pakhoma, n'kukhala pansi pomwepo akuyang'ana wotchi yake kwa nthawi yaitali. Kenako anaibwezera n'kudzisansa fumbi.

Lachisanu inafika nthawi ya disiki yachitatu, ija makina anaikana. Inayamba bwino: 20, 50, 70. Itafika pa 80 inamveka kuti the, the, the, ngati wotchi yotha mphamvu, nambala n'kuima. Namawaya anaika khutu pafupi. Panali chilonda pamenepo, malo owonongeka ndi ukalamba, amene palibe anawadziwa chifukwa panali pasanafunike kuwerengapo. Anauza makina kuti adumphe pachilondapo, amalize kwinako, kenako abwerere azikatolera pang'onopang'ono chimene angathe. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma nkhono yake imeneyi inadya Loweruka ndi Lamlungu lomwe. Zambiri zinatoleka. Kachigamba kamodzi kanakaniratu.

Lolemba anasanja makope atatuwo monga mwa matepi ake: woyamba, malo opanda kanthu, wachitatu, wachinayi. Yophunzira theka ija anaisiya patali, kuopa kuti ingasokoneze zinzake. Kenako analamula makina kuti aikhulupirire yachitatuyo ngakhale inadulidwa mawu, ndipo angowerenga, asalembe kalikonse. Anadina. Sikirini inakhala chete nthawi yokwanira munthu kubadwa, kukula ndi kukwatira. Kenako mndandanda wa mabuku unatsika, onse 212.

Abwana anaomba m'manja. Ine ndinavina pang'ono.

"Musasangalale," anatero Namawaya. "Mndandanda wa maina si anthu. Tiwatsegule."

Masiku awiri iye ndi a Taipisiti anatsegula buku ndi buku, mutu ndi mutu, wina kudina, wina kuwerenga. A Taipisiti ankawadziwa ngati ana awo. "Ili ndinalitaipa ndili ndi malungo. Ili ndi lija tinalibwereza kawiri." Mabuku 211 anali athunthu. Lotsala linali la masamu, la kalasi yolemba mayeso, ndipo kachigamba kokanika kaja kanagwera pamenepo. Mitu inayi, 9 mpaka 12, inangotuluka zinyalala. Inali mitu ya zithunzi zokhazokha. Inawatengera zaka ziwiri, ndipo ndi chinthu chomaliza chimene zala zawo zinataipa.

"Basi," anatero a Taipisiti. "Ana a chaka chino alowa mayeso opanda ngodya." Anayesa kuseka.

Maso a Namawaya anali pa disiki ya THEKA, ili payokha pamwamba pa katoni. Kufufuta kuja kunaima pa 62. Kuyambira pamenepo kupita m'tsogolo, kope lakale liyenera kukhalamobe. Vuto linali lakuti mbali yosonyeza pamene buku lililonse lili inali koyambirira, inapita kale. Kunali ngati kufuna nyumba m'tauni yopanda misewu. Pokhapokha atadziwa mawu ena opezeka m'mitu imeneyo, oti makina awasake.

"Amayi, kodi pali mawu amene munkalemba m'mituyi, amene sapezeka kwina?"

A Taipisiti anayang'ana kumbali, ngati mtsikana wogwidwa ndi kalata. "Buku limenelo zala zinali zitayamba kale. Ndiye pamwamba pa mutu uliwonse ndinkaika kamzere kanga, kosasindikizidwa. Ndinkalemba kuti, 'Ambuye ndigwireni dzanja,' kenako nambala ya mutu. Sindinkafuna munthu akaone."

Namawaya analemba mawuwo n'kutuma makina kuti awasake m'disiki yonse. Anadikira theka la tsiku. Cha m'ma 3 koloko mzere unatuluka: mutu 9. Patapita kanthawi, mutu 10. Kenako 12. Anawakoka mosamala, tsamba ndi tsamba, anasindikiza chithunzi chimodzi, ndipo a Taipisiti anachiyendetsa chala chopindika chija kuchoka pangodya kufika pangodya. Chinali chathunthu. Mutu 11 sunapezeke. Makina anafika kumapeto, anabwereza, osaupeza. Unali mbali imene inafufutika kale.

Anagwirizana kuti a Taipisiti azinena kadontho kalikonse, Namawaya azitaipa. Masiku anali atatsala khumi, ndipo mutuwo poyamba unadya miyezi isanu. Palibe ananena kuti zitheka. Lipoti la ku komiti Namawaya analemba yekha, dzina lake lili pamwamba, ndipo mpaka lero silinayankhidwe.

Lachisanu masana tinali atatu m'kachipindako. Bokosi lakuda linali likung'ung'udzanso, ndipo patebulo panali makope awiri, lililonse ndi katepi kake. Mutu 11 unali utafika tsamba lachitatu, a Taipisiti akupumitsa mawu. Namawaya anawongola msana n'kuyamba kulankhula nawo, ine osandiyang'ana.

"Amayi, chodabwitsa mukuchidziwa? Chilonda chija chili pa 80. Mitu itatu taipezayi inali pakati pa 63 ndi 70. Magetsi akanapanda kuthima, makina akanapitiriza kufufuta kope mpaka pa 80, n'kukapunthwa pachilondapo. Bwenzi mitu yonse inayi itapita."

"Usatero!"

"Zoona, amayi. Amene anathimitsa magetsi aja anatipulumutsira mitu itatu. Ndikanamudziwa, ndikanamugwadira."

Anthu inu, munthu amabadwa ndi matenda ake. Masiku khumi ndinali nditameza mwala, ndipo apa winawake ankagawa ulemu wopanda mwini.

"Ndiye ndimanena ine!" ndinakuwa nditaimirira. "Dzanja langali lili ndi mwayi chibadwire! Kaketulo kaja sikanawire n'komwe. Ndangoti pulagi m'bokosi la pansi pa tebulolo, lokha pii..."

A Taipisiti anaphimba nkhope ndi manja awo onse awiri, mapewa akugwedezeka. Namawaya anatembenuza mpando pang'onopang'ono. Sankaseka.

"Kaketulo kati, amalume?"

"Ndimati... ka wowotcherera uja."

"Si paja magetsi anathima mpaka maiko oyandikana nawo? Si paja mbalame zinagwa chagada?"

"Zina zinagwadi."

"Batire lija ndinaliyesa Lachinayi la sabata yatha. Linagwira mphindi makumi anayi. Silifa ndi kuthima kwa magetsi, limafa ndi ketulo. Masiku awiri athunthu ndinkadziyesa kuti nalonso ndalipha ndine, inu mukundibweretsera buledi." Anakoka mpukutu wa tepi n'kudula kachidutswa ndi mano. "Wanga mlandu ndinaunena ndekha, pamaso pa amayiwa. Wanu ndaudikira sabata yonse."

Analemba, anadzuka, n'kundimata pachifuwa, pamwamba pa thumba la shati. Ndinaweramitsa mutu kuwerenga chozondoka: MBONI YONAMA.